Madona akachoka, phala la ana lidzaphikidwabe?

Mukachoka pa boma la Salima kulowera ku Senga Bay, n'kukhotera msewu wopita kwathu kuno ku Lifuwu, muziyang'ana zikwangwani za m'mbali mwa msewu ndi za m'midzi. Zina n'zatsopano, penti wake akadali wowala. Zina zinachita dzimbiri kalekale, zilembo zinafufutika, changotsala ndi kamuvi koloza kumene kulibenso ofesi. Chikwangwani chilichonse chinali bungwe: la ana amasiye, la achinyamata, la amayi, la osamalira odwala kumudzi. Tsiku lokhazikitsa bungwelo kunali magule, mafumu anayankhula, alendo anajambula zithunzi. Tsiku lotseka kunalibe mwambo uliwonse. Anthu anangoona kuti chitseko chakhala ndi loko miyezi itatu, ndipo ana asiya kupita ndi makapu awo m'mawa.

Mabungwe amenewa sanatseke chifukwa ntchito inatha. Ana amasiye tili nawobe, odwala aliponso, atsikana akusiyabe sukulu. Ambiri anatseka chifukwa thumba lawo linkadwala kwa zaka, koma panalibe woliyeza. Mwana timapita naye kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo kadi lake limaonetsa msanga akayamba kutsika. Bungwe timaliona lili ndi njinga zatsopano, ife n'kumati lili bwino.

Mfundo yanga ndi imodzi. Thanzi la bungwe laling'ono tiziliyeza pofunsa kuti lingagwire ntchito miyezi ingati wolithandiza wamkulu atasiya lero. Cheke chachikulu cha chaka chimodzi chabwino sichitiuza kanthu za chaka chotsatira.

Zaka za mwanaalirenji

Kuti timvetse mmene tinafikira pano, tibwerere kumbuyo pang'ono. Lamulo loyendetsera mabungwe omwe si aboma linabwera mu 2001, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa National AIDS Commission, yomwe tonse timangoti NAC. Posakhalitsa ndalama za Global Fund zolimbana ndi Edzi zinayamba kulowa m'dziko muno, ndipo gawo lina linkafika mpaka kumidzi kudzera m'mabungwe ang'onoang'ono a m'madera, aja timati ma CBO.

Tisaiwale zabwino zomwe ndalamazo zinachita. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulele m'zipatala za boma mu 2004, koma asanafike ponseponse, amene ankasambitsa odwala, kuwaphikira ndi kuwanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala anali anthu ongodzipereka a m'mabungwe amenewa. Sukulu zambiri za mkombaphala zinayamba nthawi yomweyo. Ena mwa aphunzitsi ndi anamwino achinyamata a lero anamaliza Folomu 4 ndi fizi yochokera ku mabungwe otere.

Komabe nthawi imeneyo inatisiyira zizolowezi ziwiri. Choyamba, mabungwe ena anabadwa chifukwa kunamveka kuti kuli ndalama, choncho mamembala sanazolowere kusonkha kanthu kuchokera m'matumba mwawo. Msonkhano wopanda alawansi unayamba kuoneka ngati chipongwe. Chachiwiri, ndalama za pulojekiti zimabwera ndi malamulo ake: zigwire ntchito yomwe inalembedwa, zithe pa nthawi yake, zotsala zibwezedwe. Lamulolo lili ndi chifukwa chake, koma zotsatira zake n'zakuti bungwe likhoza kuyendetsa mamiliyoni kwa zaka zisanu, pulojekiti n'kutha, ilo n'kutsala lopanda ndi ya sopo yomwe. Linkaoneka lonenepa, pamene mafutawo anali a mwini wake.

Mphepo zinayamba kuomba

Kuchokera mu 2012 mphepo zakhala zikuomba motsatizana. M'mwezi wa May chaka chimenecho, kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika cha m'ma K250 pa dola imodzi. Bungwe lomwe linasainira thandizo lake mu makwacha linapeza kuti ndalama zomwezo sizikugulanso malata ndi simenti zomwe zinalembedwa pa bajeti.

Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate ku Capital Hill. Maiko omwe ankathandiza bajeti ya boma anaimitsa thandizolo, ndipo kukayikirana kunakula. Opereka ndalama anayamba kufuna malipoti olongosoka ndi mabuku ounikidwa ndi akatswiri, zinthu zomwe komiti ya kumudzi yokhala ndi kope limodzi la masamu sikanakwanitsa. Mu 2015 Global Fund inasintha njira yodutsira ndalama zake, n'kuyamba kuzipereka kudzera ku unduna wa zaumoyo ndi mabungwe akuluakulu a ActionAid ndi World Vision. Ma CBO omwe ankadziwa khomo limodzi lokha la NAC anasowa kogogoda.

Ena anaona patali n'kuyesa kudzipezera okha ndalama. Anthu a ku Lifuwu akulidziwa bungwe la help2kids, lochokera ku Switzerland, lomwe linabwera kudzathandiza pa maphunziro ndi zaumoyo. Njira ina yomwe linasankha inali kukhala ndi nyumba yogona alendo ya Friendly Gecko ndi kulandira achinyamata ongodzipereka ochokera kunja, kuti zolipira zawo zizithandiza ntchito za m'mudzi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa bungwe limakhala ndi kasupe wakewake. Koma chaka cha 2020 chinaonetsa kuti kasupe aliyense ali ndi chilimwe chake. Covid-19 itafika, sukulu zinatsekedwa mu March, ndege zonyamula anthu zinasiya kutera mu April, ndipo aliyense wodalira alendo m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Mangochi, anakhala miyezi zipinda zili zopanda munthu. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo, kuphatikizapo a ku Senga Bay.

Kwacha inagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamwamba pa zonsezi, pa 20 January 2025 Pulezidenti Donald Trump anaimitsa thandizo lomwe dziko la America limapereka kunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Anthu ambiri ogwira ntchito m'mapulojekiti a zaumoyo ndi maphunziro m'Malawi muno anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba.

Werengani bwino zaka zimenezi: 2012, 2013, 2015, 2020, 2022, 2023, 2025. Sipanadutsepo zaka zoposa zisanu popanda chogwedeza thumba la mabungwe. Chakudza sichiimba ng'oma, koma chinthu chobwera kawirikawiri chonchi sitingamachitchulenso kuti ngozi. Msodzi wa kuno amadziwa kuti mwera udzaomba ndithu ndipo padzakhala masiku osalowa m'madzi. Sadziwa tsiku lake, koma amasiyako kausipa kouma ndi kandalama pambali.

Tiike bungwe pasikelo

Ine ndimaphunzitsa masamu, choncho ndiloleni ndipereke chitsanzo chongoyerekeza ngati cha pabolodi. Tiyerekeze kuti pali mabungwe awiri, lililonse likuyendetsa sukulu ya mkombaphala.

Loyamba limagwiritsa ntchito K600,000 pa mwezi. Mwa ndalamazi, K540,000 imachokera kwa mnzawo mmodzi wa kunja, ndipo K60,000 amasonkha makolo. Ku banki kuli K200,000. Lachiwiri limagwiritsa ntchito K200,000 yokha pa mwezi: K80,000 imachokera ku mpunga wa m'munda wa bungwe, K50,000 kwa makolo, K40,000 ku mipingo ndi mizikiti, ndipo K30,000 imachokera kobwereketsa mipando ndi miphika pa maukwati. Mukaphatikiza matumba omwe ali mosungira ndi ndalama zomwe zili ku banki, lasunga zokwana K600,000.

Mlendo wongodutsa anganene kuti loyamba ndiye lolemera, ndipo ndi lomwe lingatuluke m'nyuzipepala. Koma mnzawo wa kunja uja atadwala, kapena atangosintha maganizo, ndalama za ku banki zingawafikitse masiku khumi okha pa kagwiritsidwe kawo ka masiku onse. Lachiwiri, ngakhale mpunga utakanika chaka chimenecho, lingamaperewere K80,000 pa mwezi, ndipo zomwe linasunga zingatseke dzenjelo kwa miyezi isanu ndi iwiri ndi theka. Pofika nthawi imeneyo mvula ina yagwa.

Choncho komiti iliyonse izidzifunsa mafunso atatu kamodzi pa teremu, n'kulemba mayankho ake m'buku. Funso loyamba: pa K100 iliyonse yomwe talandira, ndi zingati zachokera kwa munthu mmodzi kapena bungwe limodzi? Zikapitirira theka, bungwelo laima ndi mwendo umodzi. Funso lachiwiri: zonse zitaima lero, tingayende miyezi ingati ndi zomwe tili nazo? Miyezi itatu ikhale poyambira. Funso lachitatu: pa K100 iliyonse yomwe tawononga, ndi zingati zafika kwa mwana kapena wodwala, ndipo ndi zingati zathera pa mayendedwe, mayunitsi ndi maalawansi a komiti?

Mayankho a teremu imodzi sanena zambiri. Phindu lake limaoneka mukawaika pamodzi a zaka zitatu kapena zinayi, monga momwe namwino amaonera mzere wa pa kadi la kusikelo. Bungwe lomwe ndalama zolowa zikukwera chaka ndi chaka, koma miyezi yomwe lingapirire ikutsika, likudwala ngakhale likuoneka losalala.

Kusunga pamene kwacha ikusungunuka

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, kusunga ndalama masiku ano n'kutaya." Ali ndi mfundo. Bungwe lomwe linali ndi K1,180,000 ku banki kumayambiriro kwa November 2023 linali ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 1,000. Kwacha itagwa kufika pa K1,700, ndalama zomwezo sizinakwanenso madola 700, popanda wina kutapapo ngakhale tambala. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira, ndipo kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 m'misika ina. Chiongoladzanja cha akaunti wamba sichingathamange liwiro lotere.

Koma kusunga sikutanthauza makwacha okha. Bungwe lophikira ana phala limadziwa kale chomwe lidzafune mu January: chimanga, soya, mtedza, shuga ndi nkhuni. Nzeru ndi kugula zimenezi nthawi yokolola, mu May ndi June, pamene mitengo ili pansi, n'kuzisunga m'matumba osalowa mpweya aja a PICS kuti anankafumbwe asachite nazo phwando. Kuno tili ndi mwayi wina: Lifuwu ndi kwawo kwa mpunga, mpaka boma linaikako malo ochitira kafukufuku wa mbewuyi. Mpunga wosapuntha umasungika, ndipo Kilombero sasowa msika ku Lilongwe. Bungwe lomwe lapempha kamunda kwa mfumu, mamembala n'kumagawana masiku olima, limakhala ndi nkhokwe yomwe kugwa kwa kwacha sikuifikira msanga. Mbuzi nazonso ndi banki yoyenda ndi miyendo, bola pakhale kaundula wosonyeza kuti mbuzi yakuti ili kwa yani ndipo yaswa kangati.

Nanga banki mkhonde? Njira imeneyi, yomwe bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, yathandiza mabanja ambiri kuno. Koma tisamale posakaniza ndalama za bungwe ndi za gulu la banki mkhonde. Ndalama zikalowa m'gulu zimabwerekedwa, ndipo sizituluka mpaka tsiku logawana. Ngati wobwereka wathawira ku Joni, bungwe limaluza ndalama pamodzi ndi ubale. Ndalama zosungira tsiku la mavuto zikhale pomwe zingatengeke sabata yomweyo.

Matenda ochokera m'kati

Si mabungwe onse omwe anagwa ndi mphepo ya kunja. Ena anadyedwa ndi chiswe cha m'nyumba momwemo. Popeza ndine mphunzitsi wa masamu, makomiti angapo akhala akundipempha kuti ndiwathandize kuphatikiza mabuku awo chaka chikamatha. Zomwe ndimaona zimafanana. Kawirikawiri sipakhala wakuba wamkulu. Pamakhala timabowo ting'onoting'ono: msungichuma anabwereka K20,000 pa maliro n'cholinga chobweza akagulitsa nsomba, wapampando anatenga ya mafuta a njinga yamoto koma lisiti silinabwere, ndalama za bungwe zinatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu n'kusakanikirana ndi zake. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, koma pakutha pa chaka ndalama za miyezi iwiri sizikuoneka.

Vuto lina ndi la bungwe lomwe lili m'mutu mwa munthu mmodzi. Iye ndiye analiyambitsa, ndiye amadziwa nambala ya dona, ndiye amasunga setifiketi ndi chidindo kunyumba kwake. Akasamuka kapena akamwalira, bungwe limapita naye. Ndipo akadali moyo, anthu amaopa kumufunsa za ndalama poganiza kuti akhala ngati osayamika.

Mankhwala a matendawa si okwera mtengo. Ndalama zizikhala ku akaunti ya dzina la bungwe, yosainira anthu atatu osakhala a banja limodzi. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba m'buku. Chilichonse chogulidwa chikhale ndi lisiti, ndipo ngati wogulitsa nkhuni alibe malisiti, asaine kapena adinde chala m'kope. Koposa zonse, kamodzi pa miyezi itatu lipoti la ndalama liziwerengedwa mokweza pabwalo, m'chilankhulo chomwe agogo akumva, a mfumu ndi a VDC ali pomwepo. Makolo akamva ndi makutu awo kuti K500 yawo inagula chiyani, mwezi wotsatira sakakamizidwa kusonkha.

Malamulo nawo akulowera komweko. Lamulo la mabungwe linakonzedwanso mu 2022, ndipo NGO Board inasanduka NGORA, yomwe imafuna kuti mabungwe olembetsedwa azipereka malipoti a chaka ndi chaka pamodzi ndi mabuku ounikidwa. Ma CBO ambiri a kumidzi amalembetsa ku khonsolo kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, koma tsiku lomwe adzafune kukula kapena kupempha thandizo lalikulu, funso loyamba lidzakhala la mabuku a zaka zam'mbuyo. Mabuku otere salembeka usiku umodzi.

Phunziro la ku Mbenje

Pali chitsanzo china m'boma lathu lomweli chomwe chimandipatsa chiyembekezo. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, asodzi akhala akutsatira dongosolo lotseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950. Chilumbacho chimatsekedwa cha mu December n'kutsegulidwa cha mu April ndi mwambo, ndipo pali malamulo oletsa mowa, juga ndi chamba. Dongosololi laona boma la atsamunda, la chipani chimodzi ndi la zipani zambiri, laona kwacha ikugwa kambirimbiri, koma likuyendabe. Silinayambe ndi pulojekiti. Anthu amalisunga chifukwa phindu lake amaliona okha mu utaka womwe amapha chilumba chikatsegulidwa, ndipo ophwanya lamulo amaweruzidwa ndi anthu omwe amawadziwa.

Sukulu ya mkombaphala si chilumba cha nsomba, koma phunziro lake likugwira. Chinthu chomwe eni mudzi amachiona kuti n'chawo, n'kumaikapo kanthu kawo, chimakhalitsa. Thandizo la kunja likabwera pa chinthu chotere limakhala ngati feteleza pa mbewu yomera kale.

Sindikunyoza abale athu otithandiza. Popanda iwo midadada ina ya sukulu ndi mijigo ina sizikanakhalapo. Pempho langa kwa iwo ndi lakuti azilola kagawo kochepa ka thandizo lawo kupita ku nkhokwe ya bungwe kapena ku munda wake, ndipo akafuna kusiya azinena chaka chisanathe, osati pa WhatsApp sabata yotsegulira sukulu. Kwa a khonsolo, pempho ndi lakuti alangizi akamayendera ma CBO asamangowerenga ana, aziphunzitsanso asungichuma kalembedwe ka buku la ndalama. Ife aphunzitsi a m'sukulu za sekondale za m'midzi tingathandizepo: Loweruka limodzi pa teremu ndi lokwanira kukhala pansi ndi komiti n'kuunika mabuku ake.

Chomwe chili pachiswe si dzina la bungwe. M'kalasi mwanga ndaonapo mpando wa mtsikana wanzeru ukukhala wopanda munthu pakati pa Folomu 2, chifukwa bungwe lomwe linkamulipirira fizi ndi kumugulira makope linangoti zii. Pofika nthawi yomwe tinkapeza njira ina, anali atalowa kale m'banja kugombe. Bungwe likamalonjeza mwana wa Folomu 1, likulonjeza zaka zinayi, ndipo liyenera kudziwa komwe ndalama za chaka chachinayi zidzachokere lisanamujambule chithunzi. Kuli bwino kuthandiza ana asanu mpaka alembe MSCE kusiyana ndi kuyamba ndi makumi awiri n'kuwasiya panjira.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu amene muli m'komiti ya bungwe lililonse, kaya ndi la ana, la mpingo, la mzikiti kapena la kugombe, pa msonkhano wanu wotsatira pemphani kuti buku la ndalama libwere patebulo. Funsani mwaulemu kuti, "Zonse zitaima lero, tingayende miyezi ingati?" Ngati yankho silikufika miyezi itatu, ntchito yoyamba ya chaka chino mwaipeza.

Wolemba nkhaniyi ndi mphunzitsi wa sekondale ku Lifuwu, m'boma la Salima.